Katoni ya Timabokosi Tonama

Mumsewu wonse ankawadziwa kuti Mayi Fyuzi. Dzinalo linawamatirira akadali mtsikana, pomwe ankathandiza bambo awo kukonza mawailesi m'kachipinda ka kumapeto kwa mdadada wa mashopu. Bambowo anamwalira, mawailesi nawo anatha m'nyumba za anthu, koma kachipindako kanatsala, pamodzi ndi tebulo lake lalitali lodzaza zipsera za chitsulo chowotcherera. Linatsalanso lamulo limene malemuwo ankalibwereza ngati pemphero: chinthu chosagwira ntchito sichionetsedwa kwa mlendo. Wailesi ikawakanika ankaibisa kuseri kwa chitseko, kuti kasitomala akalowa apeze zolira zokhazokha.

Tsopano kachipindako kanali kampani yolembetsedwa kuboma, ya anthu awiri: Mayi Fyuzi ndi mlongo wawo wamng'ono, amene anthu ankamutcha Kawaya. Ankapanga timabokosi tolondera mafiriji a mankhwala. Kabokosi kake kanali kokwana m'dzanja. Kankamatidwa kunja kwa firiji, ndipo kachingwe kake ka mutu wachitsulo, komwe awiriwo ankakatcha mphuno, kankalowa m'kati. Magetsi akathima, kapena wina akasiya chitseko chosatseka, firiji n'kuyamba kufunda, kabokosiko kankatumiza uthenga pa foni ya mwini wake, katemera ndi mankhwala a shuga zisanawonongeke.

Koma panali vuto limene sankalitchula pamaso pa anthu. Kabokosi kakakhalitsa pa firiji, kankayamba kunama. Firiji ili yofunda, iko n'kumati zonse zili bwino. Tina tinkayamba bodzalo msanga, tina mochedwa, tina sitinkanama n'komwe, ndipo chifukwa chake Kawaya anachisaka mpaka maso kufiira osachipeza. Ndiye awiriwo ankazungulira makasitomala onse, n'kuchotsa timabokosi tisanakalambe, n'kumatapo tatsopano mwaulere, n'kunena kuti angobwera kudzayendera. Palibe mankhwala amene anawonongekapo, koma thukuta lawo lonse linkathera momwemo. Tochotsedwato ankapitiriza kutiyesa pa firiji yawo, ndipo tonse toyamba kunama tinkaponyedwa m'katoni ya pansi pa tebulo, yofunditsidwa chinsalu chakale.

Kawaya anatopa. Mkazi wake anali woyembekezera, ndipo kampani ina yaikulu ya mafoni inali itamuitana ntchito. Anawauza achemwali ake mosapsatira kuti akudikira chinthu chimodzi basi. Boma linali litalengeza thandizo la ndalama za kafukufuku kwa makampani ang'onoang'ono a luso lamakono. Likabwera, akhala, asake gwero la bodza lija ndi zipangizo zenizeni. Likapanda kubwera, apita. Ndipo popanda manja a Kawaya, kampaniyo inali chikwangwani chabe.

Pempho analemba ndi Mayi Fyuzi. Anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha chidendene. Wamisonkho ankafuna pepala la wolembetsa makampani, wolembetsa makampani ankafuna la wamisonkho, ndipo tsamba la pa intaneti lotumizirapo zonsezo linkafa nthawi iliyonse akafika kumapeto. Ankabwerako akutukwana chamumtima, n'kuyambiranso. Pamalo pofunsa za zovuta zimene chipangizo chili nazo, anaseka mokwiya, nati iwo si mwana woti angakodwe mumsampha woonekeratu chotere. Analemba kuti kabokosi kawo sikanalephereko.

Anaitanidwa kukaonekera pamaso pa komiti. M'mawa wa tsikulo Mayi Fyuzi anali kupukuta kabokosi katsopano ndi kansalu, pamene Kawaya anagogoda katoni ija ndi phazi.

"Achemwali, iyinso tiitenge."

"Iti?"

"Mukuidziwa. Ya abodzawa."

"Iwe, mutu ukuyenda bwino? Munthu akamakafunsira banja amayamba ndi kuonetsa zigamba za kabudula wam'kati?"

"Komatu ndalama zake n'za kafukufuku. Tikafufuza chiyani ngati si izi?"

"Tikafufuza tikalandira. Uyambe wadya, kusamba m'manja pambuyo." Anaima kaye, poona kuti mwambiwo autembenuza, koma sanabweze. "Ukuganiza kuti kumeneko kukabwera ana? Kukabwera anthu a masukulu, onunkhira mafuta, ndiye ife tikalowe ndi zinyalala pamutu? Bambo akanakhala moyo akanakukwapula ndi chingwe cha ayironi."

"Bambo ankakonza mawailesi, achemwali. Sankapempha kuboma."

"N'chifukwa chake anafa ndi ulemu wawo. Nyamula chozizira icho, tiye."

Kawaya ananyamula chibokosi cha madzi oundana, chimene anakonza kuti chikaime m'malo mwa firiji, ndipo katoni inatsala pansi pa tebulo.

Ofesi yake inali pamwamba pa nyumba yosanjikizana, kumapeto kwa khonde lalitali la mipando yachitsulo yolumikizana. Opempha anzawo anakhala mwakachetechete, aliyense atakumbatira chikwama chake. Pafupi ndi Mayi Fyuzi panali bambo wina wa tayi yofiira, wopanda katundu aliyense kupatula laputopu yopyapyala. Anasuzumira chibokosi chija, namwetulira.

"Mwabwera ndi zoziziritsa kukhosi, mayi? Tigulako."

"Ndi chipangizo chathu, bambo. Tikachionetsa chikugwira ntchito."

"Chikugwira kale? Eee, mwalimba mtima."

"Nanga inu chanu chili kuti?"

Bamboyo anagogoda pachipumi pake ndi chala. "Chili umu. Ndili ndi zithunzi zingapo ndi funso limodzi. Ndikufuna kudziwa ngati batire yotha ya njinga yamoto ingayatse nyale m'nyumba. Mwina ingathe, mwina ingapsereze nyumbayo. Sindikudziwa."

"Simukudziwa, koma mwabwera kudzapempha ndalama za boma?"

"Ndiye ndabwereratu chimenecho, mayi."

Mayi Fyuzi anatembenukira kwa mlongo wawo, nanong'ona mokweza kuti tsiku limeneli aona zambiri. Bambo wa tayiyo ataitanidwa anakhalitsa m'katimo, ndipo potuluka anali kuseka ndi mlembi wa komiti ngati anthu a pa chibale. Mtima wa Mayi Fyuzi unayamba kuwira pamenepo.

M'chipindamo munali tebulo lalikulu ndi anthu atatu. Pakati panali wapampando, mayi wa imvi zometa bwino ndi magalasi olendewera pachingwe. Kudzanja lake lamanja kunali mphunzitsi wa kuyunivesite, wonenepa, wa maso aulesi. Winayo anali mlembi uja. Kawaya anamata kabokosi pa chibokosi chozizira, nalowetsa mphuno m'kati, napempha nambala ya foni ya wapampando. Kenaka anatsegula chivindikiro, nachotsa madzi oundana, naikamo botolo la madzi ofunda. Onse anadikira. Foni ya wapampando inanjenjemera patebulo. Mayiyo anavala magalasi, nawerenga mokweza uthenga wonena kuti firiji yafunda, ndipo mphunzitsi uja anadzuka m'tulo take n'kuwomba m'manja.

"Chokongola," anatero mphunzitsiyo. "Mwapanga nokha? Ngakhale za m'katizi?"

"Ndi manja awa, bwana," anayankha Mayi Fyuzi akuloza manja a mlongo wawo, chifuwa chili patsogolo. "Tili kale m'mashopu a mankhwala ndi m'zipatala zazing'ono. Palibe anadandaulapo."

Wapampando anavula magalasi. "Zikomo, mayi. Tsopano tiuzeni, pa chipangizo chimenechi, n'chiyani chimene simukuchidziwa?"

"Palibe."

"Palibe chimene chimakuvutani? Kutentha, chinyezi, kukhalitsa?"

Kawaya anatsegula pakamwa. Phazi la achemwali ake linamupeza pansi pa tebulo, pamwamba penipeni pa chala chachikulu.

"Palibe, mayi," anatero Mayi Fyuzi. "Ife sitibweretsa zinthu zosapsa pamaso pa akuluakulu."

Wapampando anayang'ana Kawaya. "Bambo, inu ndinu amisiri ake. Kalipo kamene kanalepherapo?"

Kawaya anayang'ana achemwali ake, kenaka anayang'ana patebulo. Anakula akudziwa kuti mkulu satsutsidwa pamaso pa alendo. "Monga anenera achemwali," anayankha motsitsa.

Wapampando anatseka faelo pang'onopang'ono. Sanalankhule mwamwano, ndipo mwina chimenecho ndicho chinawawa koposa. Anati thumba limeneli n'lothandiza ofuna kuyankha funso limene yankho lake silikudziwika. Chinthu chimene chatha kale, chogwira ntchito, chokhala ndi makasitomala, sichifuna kafukufuku. Chimafuna msika, ndipo za msika amathandiza ndi a banki.

"A banki?" Mayi Fyuzi anaimirira, mpando n'kukwekwerezeka. "Ndiye mukutanthauza kuti talakwa pogwira ntchito? Bambo uja watuluka apa akuseka, alibe ngakhale sikuluu imodzi m'thumba, wanena yekha kuti mwina aotcha nyumba za anthu, ameneyo ndiye wanu? Ife tapsa zala, tabwera ndi chinthu chakuti foni yanu yalira pamaso panu, mukuti tipite kubanki?"

"Mayi, khalani pansi."

"Ndikhalirenji? Misonkho timadula ife, ndalama mukupatsa olota! Mukanalemba pachikwangwani panja kuti kuno timafuna amene zawakanika, tikanasiya kuvutika ndi masitepe anuwa."

"Mwayandikira kunena zoona, mayi," anatero mphunzitsi uja, koma Mayi Fyuzi sanamve. Anali atanyamula kale chikwama.

Pamasitepe Kawaya anatsitsa chibokosi pansi. Madzi anali kudontha pakona pake.

"Mwandiponda chala, achemwali."

"Ukanatichititsa manyazi."

"Ndiye pano tatuluka ndi ulemu? Mayi uja wafunsa katatu. Wachita kutitsegulira chitseko, inu mwachitseka ndi phazi langa." Anapuma mozama. "Ine ndikuyamba ntchito Lolemba. Ndinakuuzani."

"Pita! Uzikakwera mitengo yachitsulo ngati nyani, azikakutuma ana obadwa dzulo. Pita, achimwene a kampani yaikulu!"

Kawaya anawerama. Ananyamula chibokosi, natsika, nalowera njira ya kunyumba kwake.

Mayi Fyuzi anafika ku shopu okha, akuyankhula okha. Anatsegula chitseko mochimenyetsa kukhoma, nakhala pa mpando wa malemu bambo awo. Anatukwana komiti, anatukwana tayi yofiira, anatukwana tsamba la intaneti lija. Potambasula miyendo, phazi lawo linagunda katoni. Anakoka chinsalu chija ndi ukali, ngati kuti katoniyo ndiyo yawalakwira. Timabokosi tinali mbwee, ndipo pa kalikonse Kawaya anali atamatapo kapepala kosonyeza firiji imene kanachokera ndi nthawi imene kanayamba kunama. Iwo anali asanayang'anemo chiyambire. Ankangodziwa kuti m'menemo ndi mochititsa manyazi.

Sikuti mkwiyo wawo unatha. Unangotembenuka. Ngati akuluakuluwo ankafuna zolephera, aone zolephera, akhute nazo. Anamanga katoniyo ndi chingwe cha magetsi, naitukula, natseka shopu.

Wapageti wa ku nyumba yosanjikizana ija anawaimitsa. "Mayi, ogulitsa malonda saloledwa m'kati."

"Ukuona malonda apa? Izi n'zonama zokhazokha, ndikupititsa kwa eni ake."

Wapagetiyo anasuzumira m'katoni, nakanda mutu, nati adikire panja pomwepo. Anadikira ataimirira padzuwa, katoni ili pamapazi, mpaka antchito anayamba kuweruka. Wapampando atatulukira, chikwama paphewa, makiyi a galimoto m'manja, Mayi Fyuzi anamutsekera njira, namasula chingwe, nakhuthula katoni yonse pa simenti. Timabokosi tinamwazika mpaka pa nsapato za mayiyo.

"Mumafunsa chimene sitikuchidziwa. Ndi ichi! Kalikonse apa n'kabodza. Kamagwira bwino, kenaka tsiku lina kamayamba kunena kuti firiji ikuzizira pamene ikufunda. Chifukwa chake sitikuchidziwa. Mlongo wanga wasaka mpaka kuwonda. Mwasangalala tsopano?"

Wapampando sanabwerere m'mbuyo. Anawerama, natola kamodzi, navala magalasi, nawerenga kapepala. Anatola kachiwiri, nayerekeza.

"Iti ta m'mafiriji otsegulidwa pafupipafupi tikuoneka kuti timayamba msanga."

"Kawaya amatero. Koma tina sititsata zimenezo. Ndiye mutu umamuzungulira."

"Makasitomala anu ali nato tonamati?"

"Mukutiyesa afiti? Timachotsa tisanayambe, n'kuika tatsopano mwaulere. Ndicho chatidya mpaka mafupa."

Mayiyo anaimirira, kabokosi kali m'manja. Nkhope yake inali ya munthu amene wapeza chimene amafuna nthawi itatha. "Mayi, tsiku lonse takhala m'chipinda chija kudikira munthu wobwera ndi katoni ngati iyi. Munaisiyiranji?"

"Kwathu chinthu chakufa sitionetsa mlendo."

"Pempho lanu likunena kuti sikanalephereko. Tinakufunsani pamaso, munakana. Zotsatira tasainira kale tonse atatu. Ndikazitsegula chifukwa cha inu, mawa aliyense wokanidwa adzandidikira pageti pano."

"Ndiye chilungamo chake n'chimenecho? Woti alibe kanthu alandire, ife tibwerere ndi katoni?"

"Uja wanena zoona za chimene sakudziwa. Inu munabisa chanu." Anawabwezera kabokosi kaja. "Thumbali lidzatsegulidwanso chaka chamawa. Mudzalembe za izi, osati za kokongola kaja. Ndipo musataye ngakhale kamodzi."

"Chaka chamawa! Mimba ya mlamu wanga idikira chaka chamawa?"

Wapampando sanamvetse za mlamuyo, ndipo sanafunse. Anapepesa, nalambalala timabokosi mosamala kuti asaponde, napita ku galimoto yake. Mayi Fyuzi anagwada pa simenti n'kuyamba kutola. Wapageti anabwera kudzathandiza, iwo n'kumukalipira kuti asachotse timapepala.

Loweruka m'mawa Kawaya anabwera ku shopu kudzatenga zida zake. Anaima pakhomo. Pa shelefu ya kutsogolo, pamene kale pankakhala timabokosi tatsopano tonyezimira, panali tonama tija, titandandalikidwa m'mizere, timapepala tikuyang'ana kumsewu. Mayi Fyuzi anali atakhala kuseri kwa tebulo, nkhope ili gwaa.

"Achemwali, izi ndiye ziti? Bambo akuona kumene aliko."

"Aone. Nawonso mawailesi awo akufa aja tinawataya osadziwa chimene chinawapha." Anasuntha kabokosi kamodzi ndi chala. "Ndinapita nayo katoni ija. Ndinaikhuthula pamapazi pa mayi wa magalasi uja."

Kawaya analowa m'kati. "Ndiye anati chiyani?"

"Anati chaka chamawa. Boma lanu limenelo. Munthu ukabwera wosamba likuti ulibe vuto, ukabwera ndi zilonda likuti wachedwa."

"Mukanandimvera m'mawa muja."

"Ndakufunsa? Tenga zako uzipita."

Kawaya anatsegula chikwama, nayamba kulongedza: mapulayala, timasikuludiraiva, chitsulo chowotcherera. Achemwali ake ankayang'ana kumsewu, koma ankamva kulira kwa chida chilichonse polowa m'chikwamamo. Atafika pa mita yoyezera magetsi, anaigwira nthawi yaitali, kenaka anaibwezera pa msomali wake.

"Ntchito ndiyamba Lolemba, achemwali. Zimenezo sizisintha. Mwana akubwera."

"Ndamva kale."

"Timabokosi tatsopano sindingathenso kupanga. Amene ali nato kale, muziwasinthira ndi totsalati mpaka titathe. Osalandira makasitomala ena." Anayang'ana pa shelefu, nakwinya nkhope. "Komanso mwasokoneza. Mwandandalika potengera kukula kwa zilembo kapena chiyani? Iti ta m'mafiriji a zitseko za magalasi tikhale patokha."

"Ubwere udzakonze wekha, ngati manja ako sadzakhala atatupa ndi ndalama za kampani."

"Loweruka sitigwira ntchito kumeneko."

Ananyamula chikwama natuluka. Mayi Fyuzi anamuyang'ana mpaka anakhota pa ngodya. Posakhalitsa panalowa mwini shopu ya mankhwala ya tsidya la msewu, kasitomala wawo woyamba, kudzabwereka pulagi. Anaima pa shelefu, nawerenga kapepala kamodzi.

"Mayi Fyuzi, izi zalembedwa kuti zinanama. Mukugulitsanso zonama?"

Dzanja lawo linapita lokha pa chinsalu chakale chija, chimene chinali chitapindidwa pa tebulo. Anachigwira, n'kuchisiya pomwepo.

"Sizogulitsa," anayankha mwaukali. "Ndi kafukufuku. Khalani pansi, mundiuze kuti firiji yanu ija mumaitsegula kangati."